Kuyeza mmene mankhwala akugwirira ntchito pa nyamakazi ya rheumatoid arthritis

Kuyeza mmene mankhwala akugwirira ntchito pa nyamakazi ya rheumatoid arthritis ndi ntchito yomwe dokotala kapena namwino amagwira nthawi iliyonse wodwala akabwera kudzaonedwa kuchipatala. Cholinga chake ndi kudziwa ngati mankhwala omwe wodwalayo akumwa akuchepetsa kutupa kwa mfundo za mafupa mokwanira, kapena ngati pakufunika kuwonjezera mlingo kapenanso kusintha mankhwalawo. Matendawa alibe chinthu chimodzi choyezera ngati mmene zilili ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, pomwe makina amangoonetsa nambala. Choncho azachipatala amaphatikiza zinthu zingapo, monga chiwerengero cha mfundo zomwe zikupweteka, chiwerengero cha mfundo zomwe zatupa, zomwe wodwala akunena yekha ndi zotsatira za magazi, n'kupeza nambala imodzi. Miyezo yodziwika kwambiri ya mtunduwu ndi DAS28, SDAI, CDAI ndi RAPID3.

Matendawa mwachidule

Mawu akuti nyamakazi m'Chichewa amaimira matenda ambiri opweteka mafupa ndi minofu, ndipo rheumatoid arthritis ndi mtundu umodzi chabe. Imayamba pomwe chitetezo cha m'thupi chasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi kakhungu kopyapyala komwe kamakuta mkati mwa mfundo. Kakhunguko kamatupa, kamakhuthala, ndipo pakapita nthawi kamadya kafupa kofewa ka kunsonga kwa mafupa mpaka kufika pa fupa lenilenilo. Nthawi zambiri matendawa amagwira mfundo zing'onozing'ono za manja ndi mapazi, kumanja ndi kumanzere komwe, ndipo wodwala amadzuka m'mawa zala zili gwa, kuuma komwe kumatha kupitirira ola lathunthu. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 18 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo 70 mwa anthu 100 alionse anali akazi. Dzina lakuti rheumatoid arthritis analipereka ndi dokotala wa ku London, Alfred Baring Garrod, mu 1859.

Fupa likadyeka silibwereranso mwakale. Ichi n'chifukwa chake odwala amapatsidwa mankhwala oletsa matendawa kupita patsogolo, omwe amatchedwa ma DMARD. Oyambira nthawi zambiri ndi methotrexate, yemwe amamwedwa kamodzi pa sabata, ndipo ena ndi sulfasalazine, hydroxychloroquine ndi leflunomide. Awa akalephera pali mankhwala odula otchedwa ma biologic, monga adalimumab, etanercept ndi tocilizumab, komanso mapiritsi atsopano monga tofacitinib. Palibe mankhwala omwe amathandiza wodwala aliyense, ndipo dokotala sangadziwiretu kuti awa ndiwo agwire. Amayamba wapereka, kenako n'kuyeza.

Chifukwa chake kungofunsa sikukwanira

Kale dokotala ankangofunsa kuti, "Mukupeza bwanji, mayi?" Mayiyo akayankha kuti, "Ndikupezako bwino, adokotala," mankhwala ankapitirira momwemo. Yankho lotere likhoza kukhala loona, koma likhozanso kukhala ulemu chabe, kapena kungosonyeza kuti munthuyo wazolowera ululu. Dokotala nayenso sangakumbukire kuti miyezi itatu yapitayo zala zingati zinali zotupa ngati sanalembe.

Kafukufuku yemwe anaonetsa bwino kufunika kwa kuyeza ndi wa TICORA, yemwe anachitikira m'zipatala ziwiri za mumzinda wa Glasgow ku Scotland, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2004. Odwala 111 anagawidwa m'magulu awiri. Gulu lina linkaonedwa mwezi uliwonse, kuwerengedwa mfundo, ndipo nambala ikakhala pamwamba pa malire omwe anaikidwa mankhwala ankawonjezeredwa motsatira ndondomeko yolembedwa. Gulu linalo linkaonedwa mwa masiku onse, miyezi itatu iliyonse, popanda kuwerengera nambala. Patatha miyezi 18, matenda anali atazilala mwa odwala 65 pa 100 alionse m'gulu loyamba, pomwe m'gulu lachiwiri anali 16 okha pa 100. Chochititsa chidwi n'chakuti magulu onsewo ankalandira mankhwala akale omwewo, osati ma biologic.

Mu 2010 gulu la akatswiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana, motsogozedwa ndi Josef Smolen wa ku Vienna, linasindikiza malangizo otchedwa treat to target. Tanthauzo lake ndi lakuti dokotala ndi wodwala agwirizane pofikira, aziyeza pafupipafupi, ndipo asinthe mankhwala ngati sakuyandikira pamalopo. Pofikira poyamba ndi pomwe azachipatala amati remission, kutanthauza kuti matenda azilala mpaka zizindikiro za kutupa sizikuoneka. Matendawo amakhala asanatheretu, angogona. Kwa omwe akhala ndi nyamakaziyi zaka zambiri, kungofika poti matenda atsika kwambiri kumavomerezedwanso.

Zomwe zimayezedwa

Choyamba ndi kuwerenga mfundo. Miyezo yambiri imagwiritsa ntchito mfundo 28: mapewa awiri, zigongono ziwiri, polumikizira dzanja ndi mkono mbali zonse ziwiri, mfundo khumi za patsinde pa zala za kumanja, mfundo khumi za pakati pa zalazo, ndi mawondo awiri. Woyeza amadina mfundo iliyonse ndi zala zake n'kufunsa ngati ikupweteka. Mphamvu yodinira yomwe ophunzira amaphunzitsidwa ndi yongokwanira kuti chikhadabo cha woyezayo chiyere. Kenako amafufuza ngati mfundoyo yatupa. Kutupa komwe kumawerengedwa ndi kofewa, konga ngati muli madzi. Mfundo yomwe yakula chifukwa fupa linapindika kalekale siyiwerengedwa, ndipo apa ndi pomwe oyamba kumene ntchitoyi amalakwitsa kwambiri. Munthu wozolowera amamaliza mfundo zonse 28 m'mphindi zochepa.

Chachiwiri ndi maganizo a wodwala. Amapatsidwa mzere wotalika masentimita 10, kumayambiriro kwake kutanthauza kuti ali bwinobwino ndipo kumapeto kwake kutanthauza kuti zafika poipitsitsa, n'kuuzidwa kuti achonge pomwe akuona kuti ali. Zipatala zina zimangomupempha kutchula nambala kuyambira 0 mpaka 10. M'miyezo ina dokotala nayenso amachonga mzere wake.

Chachitatu ndi magazi. ESR imayeza kutalika komwe maselo ofiira a magazi amatsika m'kachubu koimika pa ola limodzi, ndipo imalembedwa m'mamilimita. Thupi likakhala ndi kutupa maselowa amamatana n'kutsika msanga. CRP ndi puloteni yomwe chiwindi chimapanga thupi likatupa, ndipo imakwera ndi kutsika mofulumira kuposa ESR. Zoyeza zina ziwiri zotchuka, rheumatoid factor ndi anti-CCP, zimathandiza pozindikira matendawa poyamba koma sizigwiritsidwa ntchito poona ngati mankhwala akugwira.

DAS28

DAS ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Disease Activity Score. Muyezowu unapangidwa mumzinda wa Nijmegen ku Netherlands ndi gulu lomwe munali Désirée van der Heijde ndi Piet van Riel, ndipo unasindikizidwa mu 1990. Anaupanga poyang'ana zomwe madokotala ankachita tsiku ndi tsiku: anafufuza kuti ndi zizindikiro ziti zomwe zinkasiyanitsa nthawi yomwe dokotala wasintha mankhwala ndi nthawi yomwe wawasiya momwemo. DAS yoyambayo inkawerenga mfundo zotupa 44. Mu 1995 anatulutsa yofupikitsa ya mfundo 28, yomwe ndi DAS28.

Masamu ake ali motere:

DAS28 = 0.56 × √(zopweteka) + 0.28 × √(zotupa) + 0.70 × ln(ESR) + 0.014 × (maganizo a wodwala, 0 mpaka 100)

Palibe amene amawerengera izi pamtima. Pali timapulogalamu ta pafoni ndi pa intaneti tomwe timachita masamuwa. Palinso mtundu wina womwe umagwiritsa ntchito CRP m'malo mwa ESR, ndipo nthawi zambiri umapereka nambala yotsikirapo pang'ono, choncho si bwino kusinthasintha mitundu iwiriyi pa wodwala mmodzi.

Nambala yoposa 5.1 imatanthauza kuti matenda ali pamwamba. Yoposa 3.2 mpaka 5.1 ndi apakatikati, ya 3.2 kapena kutsikirapo ndi otsika, ndipo yosafika 2.6 imatengedwa ngati remission.

Nambala ya tsiku limodzi imangonena pomwe wodwala ali. Pofuna kudziwa ngati mankhwala agwira, pamafunika kuyang'ana zinthu ziwiri pamodzi: nambalayo yatsika bwanji, ndipo yafika pati. Umu ndi momwe ndondomeko ya bungwe la akatswiri a nyamakazi la ku Ulaya, EULAR, ya mu 1996 imagwirira ntchito. Mankhwala agwira bwino ngati DAS28 yatsika ndi kuposa 1.2 ndiponso yafika pa 3.2 kapena pansi pake. Sanagwire ngati yatsika ndi 0.6 kapena kucheperapo, kapenanso ngati yatsika pakati pa 0.6 ndi 1.2 koma ikadali pamwamba pa 5.1. Zina zonse zotsala zimatengedwa kuti mankhwala agwira pang'ono. Nambala ya 0.6 inasankhidwa chifukwa ndi mlingo womwe muyezowu umatha kuphonya pawokha, ngakhale wodwala asanasinthe.

Mwachitsanzo, tiyerekeze mayi yemwe pa tsiku loyamba methotrexate ali ndi mfundo 9 zopweteka, 4 zotupa, ESR ya 40, ndipo wachonga 60 pamzere. DAS28 yake ndi 1.68 + 0.56 + 2.58 + 0.84, zomwe zikukwana 5.66. Matenda ali pamwamba. Patapita miyezi itatu wabweranso ndi mfundo 4 zopweteka, imodzi yotupa, ESR ya 25, ndipo wachonga 30. Tsopano DAS28 ndi 4.07. Yatsika ndi 1.59, kuposa 1.2, koma sinafike pa 3.2. Mayiyu anena ndithu kuti akupeza bwino, ndipo sakunama, koma mwa ndondomeko ya EULAR mankhwala angogwira pang'ono ndipo ulendo ukadalipo.

Ku England nambalayi imakhudzanso ndalama. Bungwe la NICE, lomwe limalangiza za mankhwala oti aziperekedwa m'zipatala za NHS, kwa zaka zambiri linkalola ma biologic kwa odwala okhawo omwe DAS28 yawo yaposa 5.1 atayesa kale ma DMARD akale, ndipo mankhwalawo amapitirizidwa pokhapokha ngati pa miyezi isanu ndi umodzi aonetsa kuti akugwira. Mu 2021 linatsegula mwayi wa ena mwa mankhwalawa kwa odwala omwe nambala yawo ili pamwamba pa 3.2.

SDAI ndi CDAI

Masamu a DAS28 ndi ovuta, ndipo gulu la ku Vienna linafuna chinthu chongophatikiza. Mu 2003 Smolen ndi anzake anatulutsa SDAI, yomwe imangowonkhetsa zinthu zisanu: mfundo zopweteka, mfundo zotupa, maganizo a wodwala pa 10, maganizo a dokotala pa 10, ndi CRP. Pano CRP imalembedwa mu mg/dl, pomwe malabotale ambiri amapereka zotsatira mu mg/l, choncho pamafunika kugawa ndi 10 kaye. Woiwala izi amapeza nambala yaikulu yopanda pake. Remission ndi 3.3 kutsika pansi, matenda otsika ndi mpaka 11, apakatikati mpaka 26, ndipo kuposa apo ali pamwamba.

Mu 2005 Daniel Aletaha ndi gulu lomwelo anaonetsa kuti CRP ikachotsedwa muyezowo umagwirabe ntchito bwino. Umenewu ndi CDAI. Umayambira pa 0 kulekeza pa 76, ndipo malire ake ndi 2.8, 10 ndi 22. Ubwino wake ndi woonekeratu: sufuna labotale, sufuna foni, ndipo yankho limapezeka wodwala akadali pampando. Dokotala sadikira zotsatira za magazi zomwe mwina zituluka wodwalayo atakwera kale minibasi.

Tikabwerera kwa mayi uja, n'kunena kuti dokotala anachonga 5 ulendo woyamba ndi 2 ulendo wachiwiri, CDAI yake inali 9 + 4 + 6 + 5, kukwana 24, kenako 4 + 1 + 3 + 2, kukwana 10. Mwa CDAI mayiyu wafika kale pa matenda otsika, pomwe mwa DAS28 akadali pakatikati. Kusiyana kotere kumachitika kawirikawiri, ndipo n'chifukwa chake chipatala chimayenera kusankha muyezo umodzi n'kumaugwiritsa ntchito nthawi zonse pa wodwala yemweyo.

Miyezo yomwe wodwala amadzaza yekha

HAQ ndi pepala la mafunso 20 lomwe James Fries ndi anzake a ku yunivesite ya Stanford anatulutsa mu 1980. Limafunsa ngati munthu akutha kuvala, kudzuka, kudya, kuyenda, kusamba, kufikira zinthu, kugwira zinthu ndi kugwira ntchito zapakhomo, ndipo nambala yake imayambira pa 0 kulekeza pa 3. RAPID3, yomwe inapangidwa ndi Theodore Pincus ku America, imaphatikiza zinthu zitatu zochokera kwa wodwala yekha: zomwe akutha kuchita, ululu, ndi mmene akudzionera. Imalekeza pa 30, ndipo nambala yoposa 12 imatanthauza matenda ali pamwamba. Imafulumira chifukwa palibe kuwerenga mfundo, koma pa chifukwa chomwecho siyingasiyanitse ululu wa kutupa ndi ululu wochokera kwina. Mu 2019 bungwe la American College of Rheumatology linaika RAPID3 pamodzi ndi DAS28, SDAI, CDAI ndi PAS-II ngati miyezo isanu yoyenera kugwiritsidwa ntchito m'chipatala tsiku ndi tsiku.

Owerenga malipoti a kafukufuku amakumananso ndi ACR20, ACR50 ndi ACR70. ACR20, ya mu 1995, imatanthauza kuti mfundo zopweteka ndi zotupa zachepa ndi 20 peresenti, ndipo zinthu zitatu mwa zisanu zina zasinthanso chimodzimodzi. Ndi yothandiza poyerekeza mankhwala awiri pa gulu la anthu. Kwa wodwala mmodzi siyithandiza kwenikweni, popeza munthu yemwe anali ndi mfundo 20 zotupa n'kutsala ndi 15 wakwanitsa gawo limenelo koma akudwalabe kwambiri.

Pomwe nambala imasocheretsa

Nambala imodzi imabisa zomwe zaipanga, ndipo DAS28 ndiyo yomwe yadzudzulidwa kwambiri pa zimenezi.

Vuto loyamba lili m'masamu momwemo. Mfundo zopweteka zimachulukitsidwa ndi 0.56 pomwe zotupa zimachulukitsidwa ndi 0.28, theka lake, chonsecho kutupa ndi komwe kumayenderana kwambiri ndi kudyeka kwa mafupa. Wodwala wopanda mfundo yopweteka, wa mfundo 10 zotupa, ESR ya 5, yemwe wachonga 10 pamzere, amapeza DAS28 ya 2.15. Papepala ali mu remission, koma manja ake akuwonongeka. Pofuna kutseka mpata umenewu, mu 2011 mabungwe a ACR ndi EULAR anagwirizana tanthauzo lokhwima la remission: mfundo yopweteka isapose imodzi, yotupa isapose imodzi, CRP isapose 1 mg/dl, ndipo maganizo a wodwala asapose 1 pa 10, kapena SDAI isapose 3.3. Mu 2022 anakweza malire a maganizo a wodwala kufika pa 2, ataona kuti anthu ambiri opanda kutupa kulikonse ankalephera pa chinthu chimenechi chokha.

Zimachitikanso mosemphana. Odwala ena ali ndi fibromyalgia, matenda omwe amapweteketsa thupi lonse popanda kutupa, ndipo ena mfundo zawo zinaperepeseka ndi ukalamba kapena zinawonongeka kale. Munthu wa mfundo 16 zopweteka, wopanda yotupa ngakhale imodzi, wa ESR ya 10, yemwe wachonga 80, amapeza 4.97, pafupi kwambiri ndi matenda apamwamba. Ululu wake ndi weniweni, koma kumuwonjezera mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi sikungauchotse. Kungangomuika pachiopsezo cha matenda ena. Iye akufunika chithandizo cha ululu, cha tulo, masewera olimbitsa thupi, ndipo nthawi zina chithandizo cha nkhawa.

Mapazi sali pa mndandanda wa mfundo 28. Anachotsedwa chifukwa ndi ovuta kuyeza molondola ndipo amachedwetsa, koma matendawa amakonda kugwira mfundo za patsinde pa zala za kuphazi. Wodwala akhoza kukhala ndi nambala yabwino koma akulephera kuyenda. Dokotala wosamala amapempha wodwala kuvula nsapato ngakhale mapazi sakulowa m'masamu.

Magazi nawo ali ndi zovuta zake. ESR imakwera ndi msinkhu, imakhala yokwererapo mwa akazi, ndipo imakweranso munthu akakhala woyembekezera, akachepa magazi, kapena akakhala ndi matenda ena monga TB ndi HIV. Mwa masamu a DAS28, ESR ikapitirira 41 imapereka yokha mapointi oposa 2.6, kutanthauza kuti wodwala wotero sangafike pa remission ngakhale mfundo zake zonse zili bwino. Mbali inayi, mankhwala monga tocilizumab amatsekereza uthenga womwe umauza chiwindi kupanga CRP, choncho CRP ndi ESR zimagwa msanga ngakhale mfundo zisanasinthe kwenikweni. Pa odwala omwe akulandira mankhwala otere, CDAI ndiyo yodalirika.

Prednisolone nayenso amakongoletsa nambala. Amachotsa kutupa m'masiku ochepa, pomwe methotrexate amatenga milungu 6 mpaka 12 kuti mphamvu yake ioneke bwino. Madokotala amapereka awiriwa limodzi poyamba, koma nambala yabwino ya wodwala yemwe akumwabe prednisolone siyitsimikiza kuti methotrexate wagwira. Zenizeni zimadziwika prednisolone akachepetsedwa. Malangizo a EULAR amati achepetsedwe n'kusiyidwa mwamsanga, makamaka m'miyezi itatu.

Palinso kutopa, komwe odwala ambiri amati kumawavutitsa ngati ululu womwe, koma sikuwerengedwa mwachindunji mu DAS28, SDAI kapena CDAI. Ndipo anthu awiri akawerenga mfundo za wodwala mmodzi sapeza nambala yofanana nthawi zonse, makamaka pa zotupa, kotero ndi bwino kuti woyeza akhale yemweyo ngati n'kotheka.

Zonsezi sizikutanthauza kuti miyezoyi ndi yachabe. Zomwe zimafunika ndi kulemba zigawo zonse, osati nambala yomaliza yokha, kuti woona wodwala ulendo wotsatira adziwe chomwe chinaikweza.

Nthawi yoyezera

Malangizo a EULAR amati matenda akakhala amphamvu wodwala aziyezedwa mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse. Ngati pa miyezi itatu palibe kusintha, kapena pa miyezi isanu ndi umodzi sanafike pomwe anagwirizana, mankhwala asinthidwe. Kusintha komwe kumayembekezeka pa miyezi itatu ndi kwakuti nambala itsike ndi theka. Wodwala akakhazikika pa remission, kuyeza kumatha kutalikirana mpaka miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo dokotala akhoza kuyamba kuchepetsa mlingo pang'onopang'ono. Kusiyiratu mankhwala onse kumabwezeretsa matenda mwa odwala ambiri.

Nambala ikakana kutsika, funso loyamba lisanakhale lakuti tisinthe ndi mankhwala ati, pamafunika kufunsa ngati wodwalayo akumwadi omwe anapatsidwa. Methotrexate amachititsa nseru anthu ena, ena amaopa zomwe anawerenga papepala la m'bokosi, ndipo kwina mankhwalawo amakhala atatha kufamase. Kuyeza magazi pofuna kuona ngati methotrexate sakuwononga chiwindi kapena kuchepetsa maselo a magazi ndi nkhani ina yosiyana ndi kuyeza ngati akugwira ntchito, ngakhale zonse zimachitika pa ulendo umodzi.

X-ray, ultrasound ndi MRI

X-ray ya manja ndi mapazi imaonetsa kudyeka kwa mafupa, koma imaonetsa zomwe zachitika kale, choncho imajambulidwa patalipatali. Ultrasound ndi MRI zimatha kuona kutupa komwe zala za dokotala sizingamve, ndipo ambiri ankayembekezera kuti zithandiza kwambiri potsogolera mankhwala. Kafukufuku wa ARCTIC ku Norway ndi wa TaSER ku Scotland, onse a mu 2016, anapeza kuti odwala omwe mankhwala awo ankasinthidwa potsatira ultrasound sanachire kuposa omwe ankangowerengedwa mfundo, koma analandira mankhwala ochulukirapo. Kafukufuku wa IMAGINE-RA ku Denmark mu 2019 anapeza zofanana pa MRI. Makinawa amathandizabe pomwe dokotala akukayika ngati mfundo yatupadi.

M'zipatala zomwe zilibe zipangizo zambiri

Miyezo yonseyi inapangidwa ku Ulaya ndi ku America. M'mayiko ambiri a kumwera kwa chipululu cha Sahara madokotala a nyamakazi ndi ochepa kwambiri, ndipo odwala amafika kuchipatala mochedwa, mfundo zitapindika kale. Ku South Africa, bungwe la SARAA linatulutsa malangizo mu 2013 omwe analimbikitsa kuyeza pafupipafupi ndi muyezo monga SDAI, ndi kuwonjezera mankhwala mpaka nambala itafika pa 11 kapena pansi pake.

Komwe TB, HIV ndi kuchepa kwa magazi n'zofala, monga ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ESR yokwera imafunika kuiganizira kawiri. Mwa wodwala yemwe akumwa methotrexate kapena prednisolone, ESR kapena CRP ikakwera mfundo zili zosatupa, chingakhale chizindikiro cha matenda ena omwe alowa chifukwa chitetezo chafooka, ndipo kuwonjezera mankhwala a nyamakazi pamenepo n'koopsa. Ma biologic ena, makamaka oletsa TNF monga adalimumab, amadzutsa TB yomwe inagona m'thupi, n'chifukwa chake wodwala amayezedwa TB asanayambe kuwalandira.

Mafunso a HAQ nawo sagwirizana kwenikweni ndi moyo wa kumudzi. Amafunsa za kutsegula chitseko cha galimoto, kusamba m'bafa lokhalamo ndi kutsegula katoni ya mkaka. Kwa mayi yemwe tsiku lake ndi kutunga madzi pamjigo, kugwira khasu, kuchapa ndi manja ndi kuvundula nsima, mafunso oyenera ndi okhudza ntchito zimenezo. Mzere wochongapo umavutanso anthu omwe sanauzolowere, ndipo woyeza amayenera kufotokoza mofatsa, m'chinenero cha wodwalayo, popanda kumusankhira yankho.

CDAI ndiyo yomwe ingatheke pafupifupi paliponse, chifukwa imangofuna manja ophunzitsidwa ndi cholembera. Clinical officer kapena namwino akhoza kuphunzira kuwerenga mfundo 28. Ku Malawi, komwe wodwala amasunga yekha kabuku kake ka kuchipatala ndipo mwina sakumana ndi woyeza yemweyo kawiri, mzere umodzi wokhala ndi tsiku, mfundo zopweteka, mfundo zotupa, nambala ya wodwala, nambala ya woyeza ndi mlingo wa prednisolone umakwana m'kabukuko, ndipo woona wodwalayo ulendo wotsatira amapeza poyambira.